Fodya Amene Unanditumizira

Mwazisi,
Rumphi.
Julaye 2007.

Wokondedwa mphwanga Manasseh,

Ndine mkulu wako Elliot Kamphinda, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi ngati a kalembera wa chisankho sanalakwitse. Dzanja lolemba ndi la mwana wako Pamela, mphunzitsi uja, amene wabwera kudzationa. Mawu ndi anga. Ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asakonze kanthu, ndipo akafuna kuseka aziyamba waika cholembera pansi.

Moni kwa iwe ndi onse a pakhomo pako ku Ntchisiko. Kodi wadzuka bwanji? Bondo lija linkakuvuta chaka chatha lakusiya, kapena mukuyendabe limodzi? Nanga alamu anga a Ida ali bwanji, ndi ana, ndi zidzukulu? Ndikamva kuti nonse muli bwino mtima wanga ukhala pansi.

Ife kuno tilipo. Alamu ako a NyaMsiska ali ndi mphamvu, maso okha ndiwo ayamba kuchita chifunga. Ine ndikudya ngati mnyamata wa ganyu. Chimanga tapeza chotifikitsa ku china. Njovu za ku Vwaza zinabwera nthawi ya maungu, zinasesa munda wa anzathu a kumtunda, kwathu zinangodutsa n'kusiya mapazi aakulu ngati lichero. Panopa kukuzizira, mphepo yochokera ku Nyika ikulowa mpaka m'mafupa.

Phukusi lako linafika. Anabwera nalo a Peter, bambo uja wa kwanuko amene ali pa utenanti ku esiteti ya kuno. Nyemba tinadya, zikomo kwambiri, zimapsa msanga ngati za amayi zija. Koma nkhata ya fodya wa labu imene unaika pansi pa nyembazo ndiyo yandikhazika pansi lero. Inatsala pang'ono kundigwetsa, ndipo ndikufuna umve kwa ine mwini zimene zinaichitikira. Usandifulumize. Ndiyambira kumene nkhani inayambira.

Iwe sunadziwe kuti ndinasiya fodya, ndipo sindikukuimba mlandu, pakuti timalemberana mwa apo ndi apo. Dzinja la chaka chadzana chifuwa chinandigwira koopsa. Anandinyamula pa ngolo kukakwera galimoto ya ku Rumphi boma, ndikupuma ngati mvukuto wobooka. Dokotala atandimvetsera kumsana anandifunsa kuti ndinayamba liti kusuta. Ndinati njala ya fote naini isanafike. Anagwedeza mutu, amvekere agogo, mapapo anu atsala pang'ono, mukafuna kuwamaliza pitirizani, mukafuna kuona zidzukulu zikukwatira siyani lero.

Ndinasiya. Miyezi yoyamba ndinkakwiyira ndi nkhuku zomwe. Ndinkatafuna nzimbe ndi mano anga otsala aja mpaka nkhama kutupa. Alamu ako anatenga machesi onse a pakhomo n'kuwamangirira pa nsonga ya chitenje, ndipo mpaka lero amayenda nawo ngati makiyi a sitolo.

Koma chachikulu si cha dokotala. Ndili gone m'chipatala muja, alamu ako anandiuza mawu amene anandilowa. Anati awiske Pamela, ndiko kunena bambo a Pamela monga amaitanira kuno, ine mgonero ndadya ndekha kuyambira tsiku limene munandikwatira. Akazi anzanga akatembenuka m'tchalitchi amaona amuna awo mbali inayo, ine wanga amakhala ali panja pansi pa mtengo wa mango, utsi uli tolo. Sindikupempha nsalu, sindikupempha malata. Ndikufuna mmodzi wa ife asanatsogole tidzadye pa gome limodzi la Ambuye.

Nditachira ndinakalembetsa kalasi ya ofuna ubatizo. Amaphunzitsa ndi a Hezron Gondwe, mkulu wa mpingo amene anapuma pa uphunzitsi, ndipo nyumba yawo ili tsidya la dambo kuchokera kwathu. Tangoganiza, Manasseh, ine wa imvi mbuu pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa zidzukulu zanga. Iwo ali ndi timabuku, ine ndili ndi makutu okha.

Ndipo zonse m'Chitumbuka. Ukudziwa kuti Chitumbuka ndimalankhula, cha pamsika, cha pa maliro, chokalipira ng'ombe. Koma cha m'katekisimu ndi china, mawu ake ndi okwera ngati msewu wa ku Thazima.

Kumapeto kwa kalasi kuli mayeso. Umalowa wekha pamaso pa abusa ndi akulu a mpingo, amakufunsa pakamwa, ukalephera umabwerera kukadikira chaka china. A Hezron ananeneratu kuti akulu a pano safuna munthu wolowa mpingo akununkha utsi. Chaka china kwa mwana ndi pafupi. Kwa ine ndi alamu ako, chaka china ndani wachiona?

Choncho tinayamba kuloweza. Tikamatonola chimanga pa mphasa, alamu ako amanena, ine ndimabwereza. Ndikalakwitsa amandigenda ndi chitsononkho. Ndikati Chauta amvekere Chiuta, awiske Pamela, kuno si kwanu. Malamulo khumi ndinkayamba bwino, ndikafika pakati ndinkadumpha ngati mbuzi yodumpha mpanda n'kukatera pa lomaliza. Iwo amvekere moti a kuba ndi a chigololo aja mwawasiyira yani?

Iwe ukudziwa mmene ndinkaganizira kale. Nkhani ikavuta ndinkapichira chingambwe, ndikakoka kawiri zonse zinkakhala pamzere. Tsopano mutu unali ngati khola losatseka, ndikalowetsa yankho ili, lina likutuluka. Mayeso akamayandikira chibaba chimene ndinkayesa kuti chinafa chinayamba kutakataka pakhosi.

Phukusi lako linafika sabata yomweyo ya mayeso. A Peter anandipeza ndili ndekha, alamu ako ali ku dimba. Ndisanamasule n'komwe mphuno inali itadziwa kale. Fungo lija, mphwanga! Ngati uchi, ngati dothi la kwathu mvula yoyamba itagwa. Ndinazindikira ndi kapotedwe kako komwe, kolimba ngati chingwe cha ng'ombe. Ndinakuona m'maso mwanga utakhala pa khonde ukupota, ukuti akulu anga akasangalale.

Nyemba ndinakapereka kukhitchini. Nkhata ndinakaisomeka kudenga la chigafa chakale, mmene masiku ano mumagona mbuzi. Ndinadziuza kuti mphatso ya mphwanga sitaya, ndidzapatsa mlendo wosuta. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyendera mbuzi m'mawa, masana ndi madzulo. Sindinkakhudza, ndinkangoima pansi pake n'kumakoka mpweya. Alamu ako amvekere mbuzi zimenezi mwayamba kuzikonda liti, inu amene simudziwa kuti yabereka ndi iti?

Lachisanu, mayeso ali mawa lake, tinaloweza m'mawa ndipo zinandikanika zonse. Ngakhale chikhulupiriro cha atumwi chimene ndinkachidziwa ngati njira ya kumunda chinathawa. Alamu ako anatopa, mawu anawapulumuka, amvekere mawa mukatichititsa manyazi. Sananene ndi mtima woipa, koma anandibaya. Anasenza chimanga n'kupita ku chigayo, ine ndinatsala ndekha pabwalo dzuwa lili paliwombo.

Ndinakhala, ndinaimirira, ndinakhalanso. Mtima unati koka kamodzi kokha, mutu ukhazikike, mayankho abwerere, mawa udzatsuka m'kamwa ndi mchere, adzadziwa ndani? Miyendo inanditenga yokha mpaka m'chigafa.

Ndinatsitsa nkhata. Ndinadula kansonga ndi mpeni, mopyapyala monga timachitira, n'kufikisa m'chikhatho. Ndinasankha khoko la chimanga lam'kati, lofewa lija, n'kulinyambita. Mutu unaiwala malamulo a Mulungu, koma zala sizinaiwale kanthu. Ndudu inatuluka yowongoka bwino, yoti ukanaiona ukanaombera m'manja.

Tsono moto. Ndinapita pa mafuwa, phulusa lili zii, alamu ako anali atathirapo madzi kuopa mphepo. Machesi anali atapita ku chigayo pa nsonga ya chitenje. Ndinafufuza m'matumba a majekete onse, pa windo, pansi pa mphasa, osapeza ngakhale kamtengo kamodzi. Ndinatola phale kuti ndikapale moto kwa anansi. Ndudu ndinaipana kukhutu monga ndinkachitira moyo wanga wonse, ndipo nditaipana ndinaiiwala, pakuti chimene thupi linazolowera silichimva.

Nditayang'ana uku ndi uku, pakhomo pamene pankafuka utsi panali pamodzi pokha, kwa a Hezron, aphunzitsi anga a kalasi. Pamela wayamba kuseka, ndikudikira amalize.

Ndinawoloka dambo ndi phale langa. Ndinawapeza pa khonde akukonza mpando. Anandilonjera mwansangala, amvekere asekuru, ndiko kuti agogo, mwachita bwino kubwera, wophunzira wakhama amaoneka chonchi, khalani tibwereze. Ndinalibe pothawira. Anandifunsa mafunso, ine ndikuyankha za kum'mawa iwo atafunsa za kumadzulo. Nthawi yonseyi maso awo anali pa khutu langa lamanja. Ndinkayesa kuti mwina pali kashembe, mpaka ndinakupiza dzanja pafupi.

Pamapeto anandifunsa za phale. Ndinati moto wazima kwathu. Sanatume munthu. Ananyamuka okha kupita kukhitchini, anasankha khala lalikulu lofiira bwino, n'kundiikira pa phale. Amvekere moto ndakupatsani asekuru, chophika mukuchidziwa ndinu. Ndinati yewo chomene, n'kuuyamba ulendo, ndikudziyesa wochenjera.

Pa dambo mphepo inandipeza. Khala linayamba kuchita imvi, ndinaona kuti lizima ndisanafike. Ndinatembenuka kuipatsa msana mphepoyo, n'kuuzira. Ndinauzira mpweya wautali, khala linadzuka n'kufiira psuu. Ndinauziranso. Pamenepo ndinaima.

Manasseh, sindinatsokomole.

Iwe sungamvetse msanga, chifukwa sunandione zaka zomalizira za fodya. Ndikauzira moto kamodzi chifuwa chinkandigwira mpaka kukhala pansi, misozi ili chuchuchu. Kamtunda kochokera pa dambo kufika kwathu ndinkakwera mopumira pa chitsa cha pakati. Tsiku limeneli ndinakwera ndikuuzira khala njira yonse, chitsa ndinachidutsa osachiona.

Ndinafika pabwalo moto uli kumanzere, ndudu nditaitsitsa ili kumanja. Panalibe munthu, nkhuku zokha. Sindikubisa, ndinaiika pa milomo. Lilime linalawa kuwawa kokoma kuja, malovu anadzaza m'kamwa. Ndinakweza phale mpaka kutentha kunafika pa ndevu.

M'malo mokoka ndinachotsa ndudu n'kuuziranso khala, kungofuna kumva mpweya wanga, ngati mwana amene wapatsidwa wenzulo. Unatuluka wautali, woyera, wopanda kulira kwa m'chifuwa. Ndinati mpweya uwu ndinauvutikira, ndinatupa nawo nkhama, ndinadana nazo nkhuku, lero ndiupereke chifukwa cha khoko limodzi la chimanga? Ndipo mayi uja amene ali pa mzere ku chigayo, ndikamuuza kuti adikire chaka china?

Ndinagwada pa mafuwa. Ndinaika tiziputu ndi udzu, n'kuuzira mpaka moto unayaka. Poti moto wayaka wopanda chophika, ndinatereka mphika wa madzi osamba.

Alamu ako ataona utsi kukhitchini ali patali anathamanga ndi ufa pamutu, kuyesa kuti nyumba ikupsa. Anandipeza nditakhala pa kampando ndikusonkhezera nkhuni. Ndinati madzi anu afunda, kasambeni. Anatula ufa pang'onopang'ono, maso ali pa ine, amvekere awiske Pamela, chikwatirane simunanditerekerepo madzi, mwapha munthu?

Kenako maso awo anafika pa khutu, pakuti dzanja linali litabwezera ndudu ija komweko ine osadziwa. Anaizula ngati akuchotsa nkhupakupa. Anayang'ana kunsonga, yosapsa. Anayang'ana kwinako, konyowa. Anandigwira chibwano ngati mwana, amvekere pumani. Ndinapuma. Ananunkhiza monga amachitira ndi ndiwo zogona. Amvekere pumaninso. Ndinapumanso.

Anakhala pansi pa dothi pomwepo n'kuyamba kuseka, akupukuta maso ndi chitenje. Atatha anafunsa kuti fodya wotsala ali kuti. Ndinawatsogolera kuchigafa. Ataona nkhata amvekere ooh, mbuzi zija ndi zimenezi. Anainyamula, ndipo tsiku limenelo sanandifunsenso funso la katekisimu ngakhale limodzi. Anati chimene chalowa chalowa, mawa Chiuta yekha.

Loweruka ndinavala jekete lakuda lija unandisiyira pa maliro a achemwali. Tinakhala pa benchi kunja kwa kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ana aja akung'ung'udza mayankho ngati njuchi. Poona imvi anandiitana woyamba. Ndinalowa. Abusa, amene ndi mnyamata wa msinkhu wa Pamela, anakhala pakati, akulu a mpingo uku ndi uku, a Hezron kumapeto. Fungo la labu linali likadali m'zala zanga ngakhale ndinasamba ndi sopo, ndipo mantha akamakula chibaba chinkakulanso.

Abusa anayamba ndi funso lophweka limene amayambira aliyense. Anati kasi mukukhumba vichi, adada? Munthu umangoyankha kuti nkhukhumba kubapatizika, ndiko kuti ndikufuna kubatizidwa, basi.

Tsono mvetsa bwino apa. Kuno kukhumba ndi kufuna chabe. Ukalowa m'golosale kukagula mchere amakufunsa mawu omwewo, ndipo ine ndawamva kuyambira chaka chimene ndinafika. Koma kwathu ukudziwa kukhumba chimene chili, chinthu chija chimakoka mtima, monga mayi woyembekezera akhumbira mango osapsa. Tsiku limenelo makutu anga anabwerera ku Ntchisi osanditsanzika. Ndinamva ngati munthu wa Mulungu waona m'kati mwanga ndipo akufunsa chimene chikundidya. Ndinati m'nyumba muno sindinganame.

Ndinaimirira mowongoka, n'kunena mokweza kuti nkhukhumba hona, chomene. Hona ndiye fodya kuno.

Mkulu wina magalasi anamutsetsereka pamphuno. Kenako a Hezron anaphulika nako kuseka mpaka benchi kugwedezeka, abusa anagwira pakamwa, mapewa akunjenjemera. Ine osadziwa choseketsa ndinapitiriza kufotokoza, Chitumbuka ndi Chichewa zikupondana. Ndinati ndimamukhumba m'mawa, ndimamukhumba ndikatha kudya, ndipo pano pamene ndaima pamaso panu ndikumukhumba kuposa masiku onse.

Abusa atapeza mpweya anatembenukira ku Chichewa, pakuti anaphunzira ku Zomba. Amvekere agogo, ine ndimafunsa chimene mwadzera kuno, koma poti nkhaniyi mwaiyamba nokha, mwasuta? Ndinati ayi, chichokereni ku chipatala sindinakokepo, koma dzulo ndinapichira, ndinaika pakamwa, moto uli m'manja.

Apo kuseka kunatha. Mkulu wa magalasi uja anati nkhaniyi si yosekera. Munthu amene wavomera yekha kuti mtima ukadali ku fodya, ndipo dzulo lomweli anali ndi ndudu pakamwa, abwerere m'kalasi chaka china mpaka chilakolako chithe. Ena awiri anagwedeza mitu kuvomereza. Ndinaganiza za alamu ako amene anali panja.

A Hezron anapempha kulankhula. Anati munthu uyu anabwera kwanga dzulo ndudu ili kukhutu ngati pensulo ya kalipentala, akundiuza kuti moto wazima. Moto ndinamupatsa ndine, mwadala. Atachoka ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba yanga, ndi mawondo angawa, kuti ndione kumene utsi utulukire, kautsi kakang'ono pabwalo kapena utsi waukulu kukhitchini. Ndinadikira mpaka nyerere zinandikwera. Utsi unatuluka kukhitchini.

Wa magalasi uja anati komabe akukhumba. Pamenepo a Muriel, mayi wachikulire amene ndi mkulu wa mpingo, anamutembenukira. Amvekere inu adada, mukadikira kuti chibaba chithe, munthu uyu mudzamubatiza ali m'bokosi. Ndipo tikati aliyense wokhumba kanthu atuluke, muno mutsala mabenchi okha, ndipo inu mudzatsogola ndi shuga amene dokotala anakuletsani uja. Chipinda chonse chinasekanso, iye yemwe anaseka akukonza magalasi.

Abusa anati tiyeni timufunse zotsala. Sindikudziwa chimene chinachitika, Manasseh, kaya ndi chifukwa chakuti ndinalibenso chobisa. Malamulo khumi anatuluka pamzere, a kuba ndi a chigololo omwe, limodzi lokha linatulukira m'Chichewa ndipo analilandira. Pa chikhulupiriro ndinapunthwa pakati, abusa anandiponyera liwu limodzi, ndinadzuka n'kufika kumapeto. Mafunso awiri ndinalephera, ndinanena kuti sindikudziwa.

Pomaliza abusa anandiyang'ana akumwetulira, n'kufunsanso pang'onopang'ono funso loyamba lija. Ulendo uno makutu anali atabwerako ku Ntchisi. Ndinayankha bwino. Anayang'ana akulu mmodzimmodzi, onse anavomera, wa magalasi yemwe. Anandigwira chanza.

Alamu ako panja anali atamva kuseka konse kuja ndipo anayesa kuti ndawachititsa manyazi monga ananenera. Ndinawapeza atafunda chitenje kumutu pansi pa mtengo wa mango. A Muriel atawanong'oneza, analumpha ngati mtsikana, nthungululu mpaka ana a pa benchi kubalalika. Anavina pabwalo la tchalitchi fumbi lili koboo, ine ndikuwagwira mkono kuti mayi inu, anthu akuona. Amvekere aone, ndadikira kokwanira.

Nkhaniyi yafika kale mpaka ku Bolero. Ndikalowa m'golosale mwini wake amafunsa mokweza kuti asekuru mukukhumba vichi lero, anthu onse n'kugwa nako kuseka. Ine ndimaseka nawo, n'kugula mchere wanga.

Tsono za fodya wako, usakwiye. Sitinataye. Alamu ako anamuduladula n'kumuviika mu ndowa pamodzi ndi kasopo, madzi ake anawaza pa repu ndi tomato ku dimba. Nsabwe za m'masamba zinafa zonse. Otsala anasambitsa mbuzi, nkhupakupa zinayoyoka. Akuti ndikuuze kuti alamu awo amalima fodya wamphamvu, mankhwala a m'sitolo sangafikepo, ndipo amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo kuno, akufunsa kumene anamupeza. Ndikudziwa kuti unapota ndi chikondi, ndipo ndalandira chikondicho. Koma ulendo wina tumiza nyemba zokha, kapena mtedza.

Pempho langa ndi ili. Ubatizo uli Lamulungu lomaliza la Ogasiti, ndipo mgonero ndi tsiku lomwelo. Bwera, mphwanga. Obadwa m'mimba mwa amayi tatsala awiri. M'tchalitchi mudzadzaza abale a mkazi wanga, ndikufuna ndikatembenuka ndidzaone nkhope imodzi ya kwathu. Ukatsika basi ku Rumphi boma ukakwere matola ya ku Mwazisi, ukangofunsa kwa asekuru okhumba hona aliyense adzakulozera.

Sindikukulalikira kuti usiye, ndiwe wamkulu ndipo chifuwa ndi chako. Koma ukabwera uzikasutira ku dambo, kumunsi kwa mphepo, ndipo nkhata yako uzikagona nayo kwa a Peter. Ndisakunamize kuti chibaba chinafa. Chilipo, chimadzuka nane m'mawa uliwonse, kungoti masiku ano chimakhala pansi ine ndikaimirira. Undithandize kufika pa gome lija m'kamwa muli moyera, mayi uja adye mgonero mwamuna wake ali m'kati.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Ida, kwa ana onse ndi zidzukulu, ndi kwa aliyense wa msinkhu wathu amene akadayenda m'mudzimo. Alamu ako akupereka moni wambiri, akuti tambala wako wasankhidwa kale ndipo akudya gaga payekha. Pamela akuti moni kwa bambo ake aang'ono, akuti dzanja lamupweteka. Mulungu akusunge, alimbitse bondo lako, akuyendetse bwino pa msewu wautaliwu.

Undiyankhe msanga, undiuze ngati ubwera ndi tsiku limene unyamuke. Ndipo ndimakudziwa iwe ndi mapepala a makalata. Ndamuuza Pamela kuti alembe pa pepala lokhuthala dala, loti silingapichirike. Ukaumirirabe, yamba wapeza wokuwerengera mpaka pansi pano, uyankhe, kenako uchite nalo zimene ukufuna.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Elliot Kamphinda.